Za Nyamakazi ya Ana, ndi Dzina Lache Pamene Mwana Wakula

Atate ndi amai a m'midzi yathu ya kunsi kwa mapiri, kuyambira ku Mua kufikira ku Golomoti ndi ku Mtakataka, mwezi uno ndifuna kukamba nanu za nthenda imene ambiri a ife timaiyesa ya nkhalamba zokha. Tikamva mau akuti nyamakazi, mtima wathu uthamangira kwa agogo amene akhala padzuwa m'mawa akusisita maondo ao. Koma nyamakazi igwiranso ana, ngakhale aang'ono amene angoleka kuyamwa. Ndipo mwana akakula nayo, pafika tsiku lina loopsa limene makolo ambiri salisamala, ndilo tsiku lochoka m'manja mwa madotolo a ana ndi kulowa m'manja mwa madotolo a akulu.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Zaka zapitazo ndinali kuphunzitsa katekisimu wa Ukaristia woyamba m'mudzi wina wa kufupi ndi nyanja. Pakati pa ana aja padali kamtsikana ka zaka 7 kamene sikankagwada pa mapemphero a m'mawa. Anzache onse pansi, iko chiriri, kapena kukhala tsonga pa benchi. Koma dzuwa likapendeka ndinkakaona kakusewera phada ndi anzache, ngakhale kuthamanga kumene, kotsimphina pang'ono pokha. Ine ndidati m'mtima mwanga: uwu ndi mwano. Ndidakadzudzula pamaso pa anzache kawiri konse. Tsiku lachitatu amai ache adadza kwa ine, nakweza nsalu ya mwanayo, nandionetsa bondo la kumanzere: lotupa ngati chipanda, lozingidwa ndi mphini zakale ndi zatsopano. Adati lidayamba kutupa mwanayo ali ndi zaka 4, ndipo m'mawa uliwonse liuma ngati mtengo, limasuka pokha pokha iye akayendayenda. Manyazi amene ndidachita tsiku lija sindidawaiwale.

M'banja muja mudali kale moto. Akuchikazi ankati bambo wa mwanayo adamdula ndi mayendedwe ache oipa. Akuchimuna ankaloza chala agogo ena a pamudzipo, kuti adatchera mankhwala panjira ya kuchitsime. Mbuzi ziwiri zidapita kwa oombeza. Potsiriza akristu a mumphakati adasonkha ndalama za ulendo, mwanayo napita ku chipatala, ndipo a kumeneko adamtumiza ku chipatala chachikulu cha mumzinda. Madotolo a ana adaidziwa nthendayo, nailemba dzina lache m'kabuku, nabaya mankhwala m'bondo momwemo. Adamtumizanso kwa dotolo wa maso, makolo ali odabwa, pakuti mwanayo sadadandaulepo za maso. Dotoloyo adapeza kuti m'kati mwa diso limodzi mudayamba kale kutupa, napereka mankhwala odontheza, nalamula kuti azibwera naye kawiri-kawiri. Mwanayo adapeza bwino, ndipo pa tsiku la Ulimbitso ndidamuona atagwada pamodzi ndi anzache.

Tsono adakula, ndipo adamuuza kuti kuyambira tsopano azikaonedwa ku mbali ya akulu. M'dzinja lomwelo denga la nyumba yao lidagwa ndi mvula, kabuku kaja nikasanduka phala. Pofika kwa dotolo watsopano, adafunsidwa chimene adwala, iye nayankha mau amodzi okha: nyamakazi. Dotoloyo adayesa magazi monga ayesera akulu, sadapeze chizindikiro chimene adachifuna, nampatsa mankhwala opha ululu. Za maso palibe amene adatchula. Zitapita zaka ziwiri, diso lija lidachita chifunga chosachoka. Sindiimba mlandu dotolo uja, pakuti adagwira ntchito ndi mau amene adapatsidwa. Lero mtsikanayo ndi mai wa ana, alima mpunga wache bwino lomwe, koma aona ndi diso limodzi. Chidamlanda diso linalo ndi dzina limene lidatayika panjira.

Kodi nthenda imeneyi njotani?

Mlengi adaika m'thupi mwathu alonda amene amenyana ndi tizilombo ta matenda. Mu nyamakazi ya ana alonda amenewa asokonezeka, nayamba kumenya kachikopa kofewa kamene kakuta mfundo za mafupa m'kati. Pamenepo mfundo itupa, idzala madzi, ifunda, niuma makamaka m'mawa kapena munthu akakhalitsa pansi. Ikalekereredwa zaka zambiri idya mafupa pokomana pao, mwendo upinda osaongokanso, kapena mwendo wodwalawo utalika kuposa unzache. Nthendayi sipatsirana. Mwana wodwala adye ndi anzache m'mbale imodzi, agone nao pamphasa imodzi, popanda mantha.

M'Chingerezi aitcha juvenile idiopathic arthritis, ndipo m'kabuku ka kuchipatala alemba mwachidule zilembo zitatu izi: JIA. Liu lapakatilo litanthauza kuti chiyambi chache cheni-cheni sichidapezeke. Madotolo sapereka dzinali msanga. Afuna zinthu zitatu: kuti nthendayo idayamba mwana asadakwanitse zaka 16, kuti kutupako kwakhala masabata 6 kapena kuposa, ndi kuti matenda ena onse otupitsa mfundo afunidwa, osapezeka.

Chachitatuchi nchachikulu kwathu kuno, pakuti alipo matenda ena ofanana nayo amene safuna kudikira masabata 6. Mwana akatupa mfundo imodzi mwadzidzidzi, yotentha ngati moto, thupi lonse lili gwa ndi kutentha, iye osalola kuti muikhudze, mwina muli mafinya: pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti mafinya aononga mfundo m'masiku owerengeka. Chifuwa chachikulu chikhozanso kulowa m'chiuno kapena mumsana. Nthenda ya magazi yotchedwa sickle cell iwawitsa mafupa nitupitsa manja ndi mapazi a makanda. Ndipo ilipo ina imene ifika masabata awiri kapena atatu mwana atadwala zilonda za pakhosi: ululu uchoka m'bondo lero, mawa uli m'chigongono, mkuja m'kakolo. Imeneyi ikonda ana a zaka 5 kufikira 15. Mfundo zichira zokha, koma nthendayo itsala ikuluma mtima, ndipo mwana wotere afuna jekeseni ya penisilini mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, ngakhale atakula. Kusiyanitsa zonsezi ndi ntchito ya chipatala, si ya maso athu iai.

Mitundu isanu ndi iwiri

Monga nsomba za m'nyanja yathu zili zonse nsomba, koma mlamba suli chambo, chomwechonso nyamakazi ya ana ili ya mitundu-mitundu. Woyamba kuilongosola bwino adali dotolo wa ku London, George Frederic Still, amene m'chaka cha 1897 adalemba za ana 22, nasonyeza kuti nthenda ya ambiri a iwo idasiyana ndi nyamakazi ya akulu. Zitapita zaka zambiri, a ku Ulaya ndi a ku Amereka ali kuitcha maina osiyana, bungwe la madotolo a nyamakazi a dziko lonse lotchedwa ILAR lidakhala pansi kukonza maina amodzi. Msonkhano wina udachitikira mu Afrika muno, ku Durban, m'chaka cha 1997, ndipo adaukonzanso ku Edmonton m'dziko la Canada m'chaka cha 2001. Adagawa nthendayi patatu ndi panai, motere.

Woyamba ugwira mfundo zowerengeka, zosaposa 4 pa miyezi 6 yoyamba, kawiri-kawiri bondo kapena kakolo. Ukonda tiatsikana tating'ono, ndipo ndi umene ubisa kutupa m'diso popanda ululu, popanda kufiira. Uwu ndiwo udagwira mwana wanga wa katekisimu.

Wachiwiri ndi wachitatu igwira mfundo 5 kapena kuposa, pamodzi ndi zala, khosi ndi nsagwada. Isiyana pa chinthu chimodzi: m'magazi a ena mupezeka chizindikiro chimene alemba RF, mwa ena mulibe. Wokhala ndi chizindikirocho ukonda atsikana osinkhuka, ndipo udya mafupa msanga.

Wachinai ugwira thupi lonse. Mwana atentha thupi tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena kuposa, kawiri-kawiri madzulo, kutenthako kutsika kokha nikubweranso, pakhungu paoneka timawanga tobwera ndi kutenthako, anabele atupa. Kwathu kuno onse ayamba kuganiza za malungo, ndipo nkoyenera. Koma magazi akayesedwa kawiri katatu malungo osapezeka, uzani dotolo za mfundo zotupazo.

Wachisanu uyenda pamodzi ndi nthenda ya pakhungu ya mamba oyera, ndipo chala chimodzi chikhoza kutupa chonse. Wachisanu ndi chimodzi ukonda anyamata opitirira zaka 6: uwawitsa chidendene, pamene mtsempha ugwira fupa, ndipo pambuyo pache ukwera m'chiuno ndi mumsana. Wotsiriza ndi wa ana amene nthenda yao siilowa bwino mu mtundu uliwonse, kapena ilowa m'mitundu iwiri.

Mwana akakula, dzina lichita bwanji?

Ena mwa ana awa achira kotheratu asadakule, ndipo tiyamika Mulungu. Koma ochuluka ndithu alowa nayo nthendayi muukulu. Apa ndipo pali vuto, pakuti madotolo a akulu ali ndi maina ao-ao, ndipo maina a ana sawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Ife Achewa ndi Angoni tidziwa kuti munthu alandira maina angapo m'moyo mwache: la pa ukhanda, la pa ubatizo, lina akakula, ndipo mai atchedwa ndi dzina la mwana wache woyamba. Koma ine wosunga mabuku a mpingo ndikuuzani kuti mnyamata akafuna ukwati, bambo mfumu safunsa dzina limene amtcha ku dambwe la mpira kapena ku doko. Atsegula buku la ubatizo, nafuna dzina loyamba, tsiku, ndi malo. Popanda zimenezo milandu ichuluka. Chomwechonso ndi nthendayi. Munthu amene idamyamba ali mwana, ngakhale afike zaka 40, nthenda yache ikhalabe JIA, chifukwa dzinalo linena za nthawi imene idayamba, osati za msinkhu wa lero.

Komabe madotolo adaona kuti mitundu ina ya ana ili ndi abale ao mwa akulu. M'chaka cha 1971 dotolo wina wa ku England, Eric Bywaters, adalemba za akazi akulu-akulu 14 amene adadwala monga ana a mtundu wachinai uja, wotentha thupi lonse. Ndipo m'chaka cha 2024 mabungwe awiri a ku Ulaya, la madotolo a nyamakazi ya akulu ndi la madotolo a nyamakazi ya ana, adagwirizana kuti imeneyi ndi nthenda imodzi, itchedwe nthenda ya Still kwa mwana ndi kwa wamkulu yemwe. Mtundu wa chizindikiro cha RF ufanana ndi nyamakazi ya akulu yotchedwa rheumatoid arthritis. Wa chidendene ndi msana ufanana ndi nthenda youmitsa msana ya akulu. Wa mamba pakhungu ulinso ndi mnzache mwa akulu. Koma uja wa tiana tating'ono, wobisa kutupa m'diso, ulibe mbale mwa akulu. Uli wa ana okha okha. Chifukwa chache dotolo wa akulu, ngati sauzidwa, sangauganizire.

Pofuna kutseka mpata umenewu, m'chaka cha 2019 gulu la madotolo a ana a maiko ambiri lotchedwa PRINTO, motsogozedwa ndi Alberto Martini wa ku Italy, lidapereka maganizo a kagawidwe katsopano: mitundu inai yaikulu, itatu yolingana ndi ya akulu ndi umodzi wa ana okha, ndiponso kuti malire akwere kuchoka pa zaka 16 kufika pa 18. Cholinga chao nchakuti mwana akaoloka kupita kwa akulu, madotolo a tsidya lino ndi a tsidya lija alankhule chinenero chimodzi.

Wina adzati: zimenezi nza anthu ophunzira a ku Ulaya, ife a ku Golomoti zitikhudza bwanji? Zitikhudza pa mankhwala ndi pa maso. Dzina ndilo liuza dotolo chimene ayenera kuyang'ana, mankhwala oyenera, ndi choopsa chimene chikudza kutsogolo. Dzina likasokonezeka, zonsezo zisokonezeka nalo.

Zoyenera kuchita makolo

Choyamba, sungani kabuku ka kuchipatala monga musunga kalata ya ubatizo. Kakulungeni m'pepala la pulasitiki, kakhale pamalo pokwera posafika madzi kapena chiswe. Kakadzala, musataye kakale. Kasokereni pamodzi ndi katsopano. Lembaninso dzina la nthendayo, mtundu wache, chaka chimene idayamba ndi maina a mankhwala pa pepala lina, mulisungitse kwa malume kapena kwa mphunzitsi wa mpingo. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani masamba onse.

Chachiwiri, musanachoke kwa madotolo a ana, pemphani mwaulemu kalata yopita nayo kwa a akulu, monga mkristu wosamuka ku Mtakataka atenga kalata kwa bambo mfumu. M'kalatamo mukhale dzina la paubwana, mfundo zimene zidagwidwa, zimene adapeza m'magazi, mankhwala amene adathandiza ndi amene adakanika, ndi za maso. Funsaninso tsiku, chipinda, ndi chipatala chimene mudzapiteko: kaya ku Mua, kaya ku boma ku Dedza, kaya ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Safunsa adadya phula. Dotolo wa akulu akalemba dzina latsopano, mpempheni kuti lakale likhalebe pambali pache.

Chachitatu, phunzitsani mwanayo adakali ndi zaka 12 kapena 13 kuti adziwe yekha nthenda yache. Ife tizolowera kuti mai ndiye ayankha mafunso onse, mwana ali zyoli. Koma tsiku lidzafika loti mnyamatayo ali yekha ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, mai ali kuno kukolola thonje. Atchule yekha dzina la nthenda, dzina la mankhwala, ndi muyeso wache, monga atchula Malamulo Khumi. M'mera mpoyamba.

Chachinai, maso. Ngati dotolo adalamula kuti ayesedwe, ayesedwe ndithu pa nthawi yache, ngakhale mwanayo aona bwino, ngakhale maondo adaphwa kale. Ulendo wokwera Khwekhwerere uli ndi mtengo wache, ndidziwa. Koma diso lilibe sitolo.

Chachisanu, mankhwala. Alipo amene atchedwa methotrexate, othandiza kwambiri pa nthendayi. Amwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku, ndipo wosokoneza zimenezi akhoza kufa. Wakumwa mankhwalawa ayenera kuyesedwa magazi nthawi ndi nthawi, ndi kupewa mowa, pakuti ziwirizi pamodzi ziononga chiwindi. Ndipo inu anankungwi ndi ankhoswe imvani ichi: mankhwala amenewa aononga mwana wa m'mimba. Mtsikana amene awamwa asalowe m'banja asadakambe ndi dotolo, kuti amsinthire ena nthawi idakalipo. Ndipo mnyamata womfunsira auzidwe zoona poyera. Alipo enanso otchedwa prednisolone, ophwetsa kutupa msanga. Amwedwa monga alamula dotolo, saleka mwadzidzidzi, ndipo kuwagula pamsika ndi kuwamwa zaka zambiri kufooketsa mafupa ndi kupinimbiritsa mwana.

Chachisanu ndi chimodzi, mwana wotere asagonekedwe m'nyumba. Mfundo yosayenda iuma. M'mawa mthowe ndi madzi ofunda, ayendeyende pang'ono pang'ono, apite ku sukulu ngakhale mochedwa. Sukulu njofunika kwa iye koposa anzache, pakuti mwina khasu ndi nkhafi zidzamlemera, koma cholembera kapena makina osokera sizidzamkana. Aphunzitsi anzanga, musachite monga ndidachitira ine. Mwana wosagwada m'tchalitchi mfunseni poyamba. Mulungu amva pemphero la woimirira.

Potsiriza, za milandu ya m'mudzi

Nthendayi siichokera kwa bambo wosayenda bwino, kapena kwa mai wothira mchere, kapena kwa agogo a kuseri kwa mudzi. Ipezeka m'maiko onse a pansi pano, mwa azungu, amwenye ndi ife tomwe, m'mabanja olungama ndi osalungama. Bambo wachigololo alape chifukwa chigololo ndi tchimo, koma bondo la mwana lipite ku chipatala. Ndipo kunamizira nkhalamba ufiti ndi tchimo lalikulu lolakwira lamulo lachisanu ndi chitatu. Misozi ya nkhalamba yotereyo Mulungu aiwerenga. Mphini sizichotsa madzi m'bondo. Zingotsegula khomo la mafinya.

Kumbukirani kuti pamene ansembe oyamba adafika ku Mua m'chaka cha 1902, makolo athu ankaopa akhate ndi kuwataya kutali. M'chaka cha 1927 misioni idawamangira malo ao, ndipo m'kupita kwa nthawi mankhwala adapezeka, khate nilikhala nthenda yochiritsika. Ife ndife zidzukulu za anthu amene adaphunzira pa malo amenewa kuti wodwala sathawidwa. Tsono mumphakati uliwonse funsanani: kodi alipo mwana wotsimphina m'mawa pakati pathu? Kodi alipo mnyamata kapena mtsikana amene ankapita ku chipatala ali mwana, koma tsopano adaleka? Mutu umodzi susenza denga. Sonkhani ya ulendo, mmodzi wa inu wodziwa kuwerenga amperekeze, ndipo kabuku kakale kapite nao.

Amai Maria, Nkhoswe ya odwala, apempherere ana athu onse, ndi madotolo ndi anamwino amene awalandira. Ine mnzanu m'ntchito ya Ambuye ndipempha kuti mundikumbukire m'mapemphero anu, pamodzi ndi mai uja wa diso limodzi, amene adandikhululukira kalekale, ndipo ndiye adandilola kuti ndikuuzeni nkhani yache.